Tikusamukira ku Maryland: kodi ntchito yothandizira chiropractor ndikayambiranso pansi?

Abale anga a m'gulu muno, makamaka inu amene muli kuno ku America, ndithandizeni nzeru. Ndabisa dzina chifukwa abwana sindinawauze kuti ndikuchoka.

Ndimagwira ntchito ku Florida pa kiliniki ya chiropractor, madokotala aja owongola msana ndi khosi pogwiritsa ntchito manja. Ine ndine wothandizira chabe, zowongolazo ndi za adokotala okha. Yanga ndi kulandira odwala, kuwayeza BP, kuwagoneka pabedi, kuwaika zofunda zotentha kumsana, ndiponso kuwamata timapadi ta magetsi pamene pakuwawa. Makinawo ndimakweza pang'onopang'ono, maso ali pa nkhope ya wodwala, mpaka anene kuti basi pomwepo. Ambiri obwera kwathu ndi a ngozi zapamsewu, ogundidwa chakumbuyo, khosi lili gwa.

Zonsezi ndinaphunzira pantchito pompo ndipo ndilibe pepala lililonse. Pondilemba ntchito adokotala anati kuno kulembetsa sikufunika, ndipo sananame. Kale kunali kaundula wa ma registered chiropractic assistant, othandizira ngati ine, koma aphungu a nyumba ya malamulo ya Florida anauchotsa mu 2020. Chimene chinatsala ndi satifiketi ya CCPA (certified chiropractic physician's assistant), ya mtundu wina wa othandizira adokotala, ndipo kosi yake ndi ya miyezi 24. Pa ntchito imene ndimagwirayi palibe anandifunsapo za iyo.

Tsono bambo a kunyumba apeza ntchito ku Maryland. Nditayamba kuimba mafoni ku makiliniki a kumeneko, asanamve n'komwe kuti ndagwira zaka zingati, funso lawo ndi lakuti kodi ndinu wolembetsedwa ku Board, bungwe la boma loyang'anira ntchitoyi kumeneko? Ndikati ayi, mawu amazizira. Zikundipweteka, chifukwa atsikana atsopano pa kiliniki pathu ndimawaphunzitsa ndine.

Ndiye amene mwadutsamo, zaka zanga za ku Florida zingawerengedwe? Ndaonanso pa intaneti satifiketi ina ya othandizira yotchedwa CCCA (Certified Chiropractic Clinical Assistant) imene akuti ndi ya dziko lonse la America. Ndilipire ndiichite ndisanasamuke, kapena ndikhala ndikutaya ndalama? Sukulu ndinalekeza pa MSCE, ngati zimenezo zili ndi kanthu.

Wa ku Silver Spring, Maryland: Achemwali, takulandirani. Ine ndikugwira ntchito yomweyi. Kuno nkhani yonse ili m'manja mwa Maryland State Board of Chiropractic Examiners, ndipo wothandizira wogwira odwala amayenera kukhala m'kaundula wawo. Koma musaope, sikuti mukhala pakhomo kudikira pepala. Mumayamba ngati wophunzira. Adokotala amene akulembani ntchito ndi amene amadziwitsa Board, kenako mumasonkhanitsa maola ogwira ntchito iwo ali pomwepo, mumachita maphunziro ovomerezeka, mumakhala ndi khadi ya CPR (maphunziro otsitsimutsa munthu amene mtima waima), pomaliza n'kulemba mayeso. Pamayesopo pamabweranso malamulo a Maryland, ndiye muwawerenge ngakhale makina mukuwadziwa ngati chikhatho chanu.

Chimene anthu sakuuzani ndi ichi: si chiropractor aliyense amene amaloledwa kuphunzitsa wothandizira. Amafunika akhale supervising chiropractor, amene Board inamuvomereza kuyang'anira othandizira. Ndiye mukamaimba mafoni musamafunse kuti kodi pali ntchito. Muziti, ndagwira zakutizakuti ku Florida, ndikufuna adokotala amene angandilembetse ngati wophunzira. Mudzaona kuti akuyankhani mosiyana, chifukwa munthu wodziwa kale kugoneka wodwala ndi kulemba manotsi amawapeputsira ntchito.

Za zaka zanu za ku Floridazo lembani imelo ku Board, akuyankheni polemba, ndipo yankholo mulisunge. Zomva pafoni kapena m'gulu muno simungakazionetse kwa munthu.

Wa ku Charlotte: Pa CCCA ndiyankhepo ine. Imachokera ku Federation of Chiropractic Licensing Boards, bungwe limene lili ku Greeley, Colorado. Amafuna maola 24 a maphunziro, mayeso, ndi maola 300 ogwira ntchito moyang'aniridwa. Ndi yabwino ndithu, koma si layisensi. Kuno ku America chilolezo chimaperekedwa ndi state, ndipo state iliyonse imasankha yokha chimene ikuvomereza. Ngakhale madokotala enieniwo, amene amalemba mayeso amodzimodzi a NBCE, bungwe loyesa ma chiropractor ku America konse, akasamuka amakapemphabe layisensi ku state yatsopano. Zinayamba kalekale chomwechi: state ya Kansas inayamba kukhazikitsa lamulo lake la malayisensi a ma chiropractor mu 1913, Louisiana inadzatsiriza mu 1974. Ndiye mu imelo yomweyo afunseni ngati maphunziro a CCCA angakuchotsereni kanthu. Asanayankhe, ndalama zanu zikhale m'thumba.

MSCE yo ndiye muiyambe lero. Akafuna umboni wa high school, satifiketi yakunja kawirikawiri amati iyambe yaunikidwa ndi bungwe loona za mapepala a sukulu, ndipo zikafika poti a MANEB atsimikize, zimatenga nthawi. Ena amangoona kuti bola kulemba GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketi ya high school. Afunseni a Board kuti amalandira chiti.

Wa ku Area 25: Koma azungu ndiye ayi. Kuika chinsalu chotentha kumsana mpaka mayeso? Agogo anga ankathowa anthu ndi madzi otentha popanda satifiketi.

Wa ku Silver Spring: Achimwene, mwandiseketsa. Koma taganizani munthu wa shuga amene khungu lake silikumvanso bwino. Mukamuika chotentha n'kumusiya, amapsa osadziwa, mukadzachotsa mupeza matuza. Makina a magetsi aja saikidwa pa munthu amene ali ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Ultrasound yochizira ululu, osati yojambula ija, siyendetsedwa pamimba kapena m'chiuno mwa mayi woyembekezera. Adokotala ali m'chipinda china ndi wodwala wina, amene ali pafupi ndi makina ndi ifeyo. Ine mayesowo sindidana nawo. Chimene chimandinyansa n'chakuti munthu yemweyo, manja omwewo, lero ali woyenera ku Florida, mawa akawoloka malire ayambirenso ngati mwana wa Fomu 1.

Wa ku Tampa: Asisi, kodi X-ray mumajambula? Chifukwa imeneyo ndi nkhani ina. Kuno ku Florida imafuna satifiketi yakeyake ya basic X-ray machine operator, ndipo kuchotsedwa kwa kaundula mu 2020 kuja sikunakhudze zimenezo. Mukamalemba CV yopita ku Maryland mulembe zokhazo zimene lamulo limakulolani kuchita.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. X-ray sindijambula, amajambula okha adokotala, ine ndimangomuveka wodwala gauni. Imelo ya ku Board ndilemba usiku uno, ndipo mng'ono wanga ku Lilongwe ndamuuza ayambe kufunsa za ku MANEB. Chatsala n'chimodzi. Ndikufuna kalata yochokera kwa abwana yonena ntchito zimene ndakhala ndikugwira, koma ndikangoipempha adziwa kuti ndili paulendo, ndipo ndikuopa angandichepetsere maola ndisanakonzeke. Ndipemphe pano kapena ndidikire?

Wa ku Charlotte: Dikirani kaye yankho la Board, mwina ali ndi fomu yawoyawo yoti adokotala asaine, ndiye musapemphe kawiri. Pakadali pano sungani ma pay stub (mapepala a malipiro) onse ndi ma W-2 (mafomu a msonkho ochokera kwa abwana), amasonyeza kuti munayamba liti. Tsiku losamuka likadziwika, mupereke notisi ndi kupempha kalatayo nthawi imodzi, muli maso ndi maso, ndipo muwauze kuti wolowa m'malo mwanu mumuphunzitsa musanachoke. Pakalatapo alembeponso nambala ya layisensi yawo.