Difu yakutsogolo ikulimbana ndi yakumbuyo pa 79, ndiikemo magiya ati?

Sipanala17: Akuluakulu ndithandizeni nzeru ndisanachite manyazi kwa kasitomala. Ndili ndi Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, mwini wake anaiveka matayala a mainchi 35 ndipo imangokhala yodzaza katundu daily. Inabwera itagulula mano atatu pa krauni (giya yaikulu) ya difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala) yakutsogolo, akuti amakoka galimoto ina yotitimira m'matope koma amakoka cha rivesi. Ndapeza krauni ndi pinyoni (kagiya kakang'ono kozungulitsa krauni) zochotsa pa Land Cruiser 80 series, zalowa bwinobwino ngati za pomwepo, ndamanga. Pa 2H (akumakoka matayala akumbuyo okha) ili zii. Koma ndikangoloka mahabu nkuponya 4H (kuti matayala onse anayi azikoka) pamalo olimba ikukhala ngati wina waigwira kumbuyo, matayala akulira kwiikwii, ndiye liva ya thiransifa (yosankhira 2H ndi 4H) kuti ituluke mpaka ndibwerere mmbuyo kaye. Ndaphonya pati?

Kabawo: Achimwene munawerenga mano musanamange?

Sipanala17: Ayi sindinawerenge, ndinangoona kuti mabawuti akugwirizana saizi ndi imodzi basi

Kabawo: Kkkk ndiye ndi pomwepo. Zonsezo ndi 8 inchi n'chifukwa zalowa, koma 79 ya 1HZ imabwera ndi reshiyo ya 4.30, krauni mano 43 pinyoni 10, pomwe ma 80 ambiri ndi 4.10, krauni 41 pinyoni 10. Ndiye propo (shafti yopititsa mphamvu ku difu) yakutsogolo ndi yakumbuyo zikuzungulira mofanana chifukwa pa 79 mulibe difu yapakati, koma matayala akutsogolo akufuna kuthamanga kuposa akumbuyo ndi 5 peresenti pafupifupi. Pa mita 100 iliyonse kutsogolo kukufuna kuyenda mita 105, nanga mita 5 imeneyo ipita kuti? Ikupotokola mashafti ndi thiransifa mpaka tayala litaterereka, kwiikwii mukumvayo ndi imeneyo. Musayiyendetsenso pa 4H chonde.

Madala wa Magiya: Kabawo wanena zoona. Kuti mutsimikize simufunikanso kumasula, jekani tayala limodzi linalo likhale pansi, lokani mahabu, liva pa 2H giya pa nyutulo, lembani choko pa tayala ndi pa propo. Zungulitsani tayala ka 20 mnzanu aziwerenga propo. Ikazungulira ka 43 ndi 4.30, ka 41 ndi 4.10. Kumbuyo chimodzimodzi ngati difu yake ndi wamba, koma ikakhala LSD (difu yosalola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka) tayala limodzi limakana, pamenepo kwezani onse awiri muzungulitse ka 10 akuyendera limodzi. Osadalira chilata cha manambala chokha, magalimoto amenewa adutsa m'manja ambiri.

Sipanala17: Ndayeza madala. Kutsogolo 41 kumbuyo 43. Mutu wanga uwu eish. Tsono poti ndimasulanso basi, mwini wake akuti kuyambira pomwe anaika matayala aakuluwa galimoto inasanduka yaulesi, fifth samaigwiritsa ntchito pokhapokha potsetsereka, ponyamuka pachitunda klachi imanunkha. Ndingobwezeretsa 4.30 kutsogoloko kapena tisinthe madifu onse awiri? Ndipo tikasintha tiike 4.56, 4.88 kapena 5.29?

Mai Toki: Pangani masamu kaye, ndi achidule. Reshiyo yakale kuchulukitsa ndi kutalika kwa tayala latsopano, kugawa ndi kutalika kwa tayala lakale. 7.50R16 yomwe imabwera nayo ndi mainchi 32 pafupifupi, ndipo 35 ukaiyeza ndi tepi nthawi zambiri sifika 35 yeniyeni, tinene 34.5. Ndiye 4.30 kuchulukitsa 34.5 kugawa 32 ikupereka 4.64. Yapafupi ndi 4.56. Pa 100 km pa ola mu fifth, yomwe ili cha m'ma 0.84, galimoto ya kufakitale imakhala pa marevu 2350, panopa ndi ma 35 yatsikira pa 2180, 4.56 iibwezera pa 2310, 4.88 iikweza kufika 2470. Ine ndikanaika 4.56, injini izipuma paulendo wautali.

Kabawo: Mayi masamu anu ndilibe nawo mlandu koma akungoona kutalika kwa tayala. Kulemera kwake bwanji? Tayala la 35 ndi rimu yake kulinyamula wekha umachita kubuula, ndi lotambalala, galimoto yakwera mmwamba ikulimbana ndi mphepo, pamwamba pa izo katundu. 1HZ ilibe tebo, ma kW 96 okha basi, mphamvu yake yokoka imakhwima cha pa 2200. Ukaiika pa 2310 ili ndi katundu ikangokumana ndi kachitunda marevu agwa pansi pa 2200 dalaivala wayamba kale kufunafuna fourth. Pa 2470 ili ndi poyambira. Ine 4.88 ndipo sindikayika.

Mai Toki: Nanga mafuta ndi phokoso? Mwini wake akadzabwera kuti galimoto ikulira kwambiri pa tara mudzamuyankha ndinu achimwene?

Kabawo: Mafuta amathera pa phazi mayi, osati pa marevu okha. Panopa akuponda mpaka pansi utsi wakuda uli tolotolo kuti ingofika 90, pamenepo ndiye ikumwa. Marevu 120 owonjezera pa a kufakitale ndi kanthu?

Madala wa Magiya: Nonse mukukhoza, funso ndi loti galimotoyo imakhala kuti. Sipanala tiuze, pa masiku khumi ndi angati ili pa tara?

Sipanala17: Mwina awiri. Kwinako ndi mchenga, matope, miyala, nthawi zina ikukokanso ngolo ya zida

Madala wa Magiya: Ndiye 4.88, nkhani yatha. 5.29 iwalani ndipo ndikuuzeni chifukwa. Reshiyo ikamakwera pinyoni imachepa, 4.56 ndi mano 41 pa 9, 4.88 ndi 39 pa 8, 5.29 ndi 37 pa 7. Kamutu ka mano 7 kaja ukakagwira m'manja umachita kuona kuti ndi kakang'ono, mano olumana ndi krauni nthawi imodzi ndi ochepa, ndiye pa difu ya 8 inchi, matayala a 35, dalaivala wake yemweyu wokoka anzake cha rivesi, mudzakumananso mwezi usanathe. Pogula samalani, kutsogolo kwa 79 ndi high pinion, pinyoni imalowera pamwamba pa pakati pa krauni ndipo mano ake anadulidwa mozondoka. Seti ya 8 inchi ya kumbuyo kwa Hilux imaoneka yofanana koma si yake, nenani kuti reverse cut. Kudula kumeneko ndi komwe kumapangitsa kuti ikhale yolimba popita kutsogolo, koma pa rivesi mphamvu imagwera kumbali yofooka ya dzino, pinyoni imakankha krauni kuti italikire, mano nkumagwirana kunsonga kokha, kenako phwa. Muuzeni bwanayo azitembenuza galimoto akafuna kukoka. Kumbuyo ndi 9.5 inchi, seti ina yosiyana, onetsetsani kuti mabokosi onse awiri alembedwa 4.88 ndipo muwerengebe mano ndi chala chanu.

Jombo: Funso la wophunzira madala, krauni yokha ikathyoka sungasinthe yokhayo pinyoni nkuisiya poti ili bwino?

Madala wa Magiya: Ayi mwana wanga. Ziwirizo amazipera limodzi kufakitale kuti zizolowerane, zimagulitsidwa ngati banja, ukasakaniza difu imalira ngati mluzu ndipo sichedwa kudyeka.

Mai Toki: Chabwino ndagonja pa 4.88 poti tara ndi yochepa. Koma chomwe chimandiwawa ine, anthu amakangana za reshiyo tsiku lonse kenako nkumanga ndi maso. Magiya abwino omangidwa mwachisawawa amafa msanga kuposa otchipa omangidwa bwino. Maberingi onse atsopano, silu yatsopano, ndipo kachitsulo kofinyika ka pa pinyoni kaja kakale musakabwezere, kakafinyika kamodzi katha ntchito. Pa galimoto yogwira ntchito ngati imeneyi ine ndimaika solid spacer (kachitsulo kosafinyika) ndi mashimu (timawashala topyapyala), zimatenga nthawi kumanga nkumasula kangapo koma preload yake (kuthina kwa maberingi) sithawa propo ikagunda mwala. Backlash (mpata wa pakati pa mano a krauni ndi a pinyoni) muyeze ndi dayo geji malo atatu kapena anayi kuzungulira krauni, kutsogolo 0.13 mpaka 0.18 mm, kumbuyo 0.15 mpaka 0.20 mm, pokhapokha pepala la m'bokosi litanena zina. Mukatero pakani utoto woyezera pa mano angapo, zungulitsani mutaigwira krauni ndi chiguduli kuti ilemereko, muone chidindo mbali zonse ziwiri za dzino. Chikakhala kunsonga pinyoni yatalikira onjezani shimu, chikamira kutsinde chepetsani. Chizikhala pakati.

Kabawo: Ndipo mutsuke hauzingi yonse mpaka m'machubu a ma akiselo, mano atatu aja zidutswa zake zili penapake. Ine ndinapezapo kachidutswa ngati njere katabisala kuseri kwa beringi, kanadya seti yatsopano sabata imodzi, ndinalipira ndekha

Madala wa Magiya: Pomupatsa galimoto mumuuze, ulendo woyamba mphindi 20 aime difu izizire, achite choncho kangapo, asakoke ngolo mpaka makilomita 800 kenako abwere mudzakhetse oyilo. Wa GL-5, ndipo ngati kumbuyo kuli LSD wa LSD. Oyilo woyambayo amatuluka wotuwa ndi tinyenyeswa tosalala pa maginito, musadabwe, chodetsa nkhawa ndi tizidutswa tomveka kuchala.

Sipanala17: Ndabweranso akuluakulu. Tinaika 4.88 konse kuwiri, kumbuyo ndinamasula katatu chidindo chimangokhalira kunsonga mpaka nditawonjezera shimu, mayi munanena zoona. Ndayesa 4H pa dothi ikuyenda myaa liva ikutuluka ndi zala ziwiri. Ikunyamuka pachitunda osaponda moto, fifth yabwerera. Sipidomita yomwe imanama mochepetsa pano ikuwerenga mopitirira pang'ono, ikati 100 pa GPS ndi 95. Seti ya 4.10 ija ili pa shelefu ngati pali wa 80 akuifuna, mano ndawerenga kawiri.