Ma snowflake ndi ana a ECD A, ahedi akufuna khoma lidzaze pofika Lachisanu

NaPhiri, Mufakose ku Harare: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Ahedi akuti pofika Lachisanu khoma lonse likhale litadzaza ntchito za ana za nyengo yozizira poti makolo akubwera kudzaona mabuku, ndipo anditumizira zithunzi za ma snowflake, timapepala todulidwa ngati tizidutswa ta chipale chofewa, za pa tsamba la pa intaneti la Pinterest, ati akufuna zimenezo. Ati tiyambiretunso za holide ya Ogasiti ndi za Khirisimasi kuti temu yachitatu isadzatipanikize. Ine ndili ndi ECD A, kalasi yoyamba ya ana a mkaka. Ndadula masikweya pa bondi, pepala loyera lija la A4, tapinda kona ndi kona, tapindanso, koma pofika pogawa patatu paja aliyense akungofinya pepala n'kuyamba kulira. Amene ndawapindira ndekha, masizasi awo apulasitiki akungotafuna osadula. Manila ndiye akung'ambika pamzere. Guluu sakuuma chifukwa m'kalasi mwanga dzuwa sililowa. Musandiuze zogula, ndalama ya zipangizo inatha temu yoyamba.

aBanda, Dzivarasekwa: Nyuzipepala basi amayi. Herald yakale imodzi ikwanira kalasi yonse. Njopyapyala, imapindika mosavuta, mwana akang'amba mungompatsa ina osadandaula. Bondi mukungoiwononga.

NaMwale, Highfield: Achemwali, werengani kaye kuti mwanayo akudula mapepala angati. Kupinda koyamba akhala awiri, kachiwiri anayi, mukagawa patatu afika 12. Bondi ya 80 gsm yosanjikizana ka 12, ngakhale inuyo ndi kasizasi kawoko simungadule bwino. Vuto si ana anu ayi. Snowflake yeniyeni ili ndi nsonga zisanu ndi imodzi, n'chifukwa chake pamafunika kugawa patatuko, ndipo imeneyo ndi ntchito ya Giredi 3 kupita m'mwamba. Ngati ahedi akakamira, pindani kawiri kokha, mapepala akhale anayi, ana azing'amba timabowo m'mphepete ndi zala, sizasi ayi. Chotuluka chimaoneka ngati doilo ya pa sofa ya agogo, koma pakhoma patali palibe kholo lidzawerenge nsonga.

NaPhiri, Mufakose: Zong'amba ndi zala sindinayese. Koma kungogwirizanitsa makona awiri kokha akulephera, pepala likumapita uko ndi uko.

NaMwale, Highfield: Akupindira m'malere kapena pa tebulo? Pepala ligone pa tebulo, dzanja limodzi lipsinje, linalo lipinde. Ikani kadontho kofiira pa makona awiri oyang'anizana muwauze kuti chofiira chikapsompsone chofiira. Komanso musaime kutsogolo n'kumawayang'ana posonyeza, amaona zonse mozondoka. Khalani nawo mbali imodzi, ana asanu asanu.

NaNkhoma, Mabvuku: Mukuchita nthawi yanji? Ngati ndi m'mawa mukangolowa, iwalani. Juni ndi Julayi muno mu Harare zala za mwana wa zaka zinayi zimakhala zitauma gwa, ena amafika milomo ikunjenjemera, batani la juzi lomwe sangamange. Ife zamanja zonse timazisunthira cha m'ma 11 akabwera ku buleki, n'kutulutsa matebulo padzuwa. Guluu naye amaumira komweko. Kungoti mphepo ya Julayi mukuidziwa, ikani mwala pa mulu wa mapepala, apo ayi muthamangitsana nawo mpaka kumpanda.

aBanda, Dzivarasekwa: Zonsezi zikuchokera pa bondi. Nyuzipepala ngakhale zala zozizira zimaipinda. Chipewa, bwato, ife tinakulira zomwezo.

NaNkhoma, Mabvuku: A Banda, inki mwaiiwala? Manja amada bii, kenaka amapukutira pa yunifolomu, mawa mayi wake ali pageti. Nanga snowflake ya zithunzi za andale ndi maliro mukaipachika kuti ndi yoyera? Ndipo muziyamba mwaona zomwe zili patsambalo. Kwina komwe ndinkagwira, mwana anapita kunyumba ndi chipewa chopinda pa tsamba la nkhani za m'makhoti, bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Nkhaniyo inafika mpaka ku komiti ya makolo.

Agogo NaTembo, Mbare: Ana anga, ine ndifunse. Mwana wa ku Mufakose anaonapo liti chipale chofewa chikugwa? Chimene amadziwa ndi chisanu choyera pa udzu m'madambo m'mawa, utsi wotuluka m'kamwa, mbaula, mbatata yootcha, chipewa cha ulusi chomwe amayi ake amuveka mokakamiza. Pindani pepala pakati kamodzi, jambulani theka la juzi kapena theka la chipewa pamzerepo, mudule inuyo, mwana atambasule aone chatuluka chathunthu, akongoletse ndi makrayoni. Chisangalalo chake chili pa kutambasulako. Ukamufunsa kuti ichi n'chiyani akuyankha yekha, ndipo n'zimene makolo amafuna kumva Lachisanulo. Za pa Pinterest zinapangidwira ana a kumene Khirisimasi imagwa m'nyengo yozizira. Kuno Disembala timakhala tikutuluka thukuta, mvula ili pakati.

NaPhiri, Mufakose: Agogo ndikugwirizana nanu, koma kodi ahedi muwauza ndinu?

Chemwali wa ku Tafara: Kkkk. Achitireni zonse ziwiri. Ma snowflake ochepa pamwamba kuti mtima wawo ukhale pansi, pansi pake zenizeni. Ine chaka chino ndapanga poinsettia, aja ofiira ali mbuu m'mipanda ya anthu panopa. Kunja amati duwa la Khirisimasi koma kuno limafiira m'miyezi yozizira ino, choncho mwaphatikiza mitu yonse iwiri. Sikweya yaing'ono yofiira, pindani kona ndi kona, tambasulani, mbali ziwiri zoyandikana muzibweretse pamzere wapakati, chikhala ngati kaiti. Mwana aliyense apange imodzi kapena ziwiri, mumate zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mozungulira, duwa latha. Disembala mudzangosintha mtundu kukhala wachikasu, yasanduka nyenyezi. A ECD B, kalasi ya okulirapo, amapanga okha. A ECD A muwapindiretu kamodzi usiku n'kutambasula, pepala limatsata mzere wakale lokha. Za Ogasiti musavutike, tcheni cha mapepala cha mitundu ya mbendera ya Zimbabwe, chobiriwira, chachikasu, chofiira, chakuda ndi choyera, chikwanira maholide a Heroes ndi Defence Forces onse poti masikuwo ngotsatana.

NaMwale, Highfield: Chofiiracho chisakhale krepi chonde. Krepi akangonyowa amasuluka. Mnzathu wina anapangitsa ana maluwa a krepi wofiira, ana a msinkhu uwu mukudziwa chilichonse chimapita kukamwa, kuphatikiza chimfine cha nyengo ino. Anatuluka milomo ndi makolala zili psuu, mayi wina anakuwa pageti poganiza kuti mwana wavulala. Ngati mulibe pepala lofiira, apakeni krayoni pa bondi musanapinde. Za manila ong'ambika zija, pepala lili ndi mbali imene limapindika mosavuta ndi ina imene limakana. Yesani mbali zonse pa kachidutswa, kenaka lembani mzere ndi lula ndi bolopeni yotha inki musanapinde.

Mphunzitsi watsopano, Epworth: Ku koleji anatiphunzitsa kuti kupinda mapepala m'makalasi a ana aang'ono kunachokera kwa Friedrich Froebel wa ku Germany, amene anayambitsa dzina loti kindergarten mu 1840. Iye ankayambitsa ana ndi sikweya ndi mapindidwe osavuta, cholinga chinali maso ndi zala zizigwirizana, osati kukongoletsa khoma. Ndiye mukawapindiratu usiku, mwana waphunzirapo chiyani?

NaNkhoma, Mabvuku: Mwanawe, Froebel analibe ahedi omudikira Lachisanu. Koma pena wanena zoona. aNaphiri samalani, zinthu zikafanana zonse ndendende makolo amadziwa kuti wapanga ndi madamu. Oyendera sukulu ndiye amafunsa mwanayo kuti apindenso iwo akuona. Zokhota muzipachike momwemo, dzina la mwana pansi.

aBanda, Dzivarasekwa: N'chifukwa chake ndikuti nyuzipepala. Mwana aphunzirire pa chinthu chaulere kakhumi, bondi ibwere pomaliza. Inkiyo amasamba, kodi sopo anatha m'dziko muno? Tsamba la masewera kapena la malonda ndani angakwiye nalo?

NaNkhoma, Mabvuku: Kusamba ndi madzi ati a Banda, kwathu mpopi unauma liti lija. Ndi kuzizira kuno musambitse ana madzi a m'chigubu?

Agogo NaTembo, Mbare: Za Khirisimasi zokhazo musayerekeze kupanga panopa. Zikakhala pakhoma mpaka Disembala mitundu idzakhala itafwifwa ndi dzuwa la Okutobala, zikakhala m'kabati chinyezi cha mvula ya Novembala chidzazifewetsa. Makamaka ngati mwamata ndi phala la fulawa poti guluu mulibe. Phalalo limagwira bwino, sindikukana, koma mphemvu ndi makoswe zimalikonda. Ife tinatsekera mitengo ya Khirisimasi m'katoni pa holide ya Ogasiti, potsegulira tinapeza makoswe aberekeramo. Phikani lochepa la tsiku lomwelo, thirani mchere pang'ono, lotsala mutaye lisanachite chuku.

NaMwale, Highfield: Gilita ayi, amalowa m'maso. Mikanda ndi nyemba zokongoletsera ayi, zimathera m'mphuno. Sitepula igwiridwe ndi inu nokha. Ndipo amene mumalowetsa mbaula m'kalasi, musamangirire twaini wa mapepala pamwamba pake, kapepala kamodzi kakagwera pa makala nkhani yake ndi ina. Mbaula m'chipinda chotseka mawindo payokha ndi ngozi kale, utsi wa makala sununkha koma umakomola.

Chemwali wa ku Tafara: Mawu amenewo akamve aphunzitsi a ECD B athu, amati ana akuzizidwa koma amene amaothayo ndi iwowo.

Mphunzitsi watsopano, Epworth: aNaphiri zatheka? Tumizani zithunzi tione.

aBanda, Dzivarasekwa: Akanamvera za nyuzipepala bwenzi atamaliza dzana. Amene akufuna, ndili ndi mulu kunyumba, ndikhoza kupatsira kondakitala wa kombi yopita ku tauni.

NaNkhoma, Mabvuku: Ine ndikufuna makalendala akale aja akuluakulu, kumbuyo kwake n'koyera, ndimalemberapo matchati. Alipo ali nawo? Komanso amene mwamaliza sikimu ya temu yachitatu ya ECD B ndibwerekeni ndione, yanga yaima pa sabata yachinayi.