Loshoni yanga ikuchita chuku ngakhale ndimathiramo tea tree, ndalakwitsa pati?

Admin ndibiseni dzina chonde, makasitomala anga ena ali m'gulu lomwe lino.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Chaka chatha ndinayamba kupanga loshoni pakhomo. Ndimasakaniza mafuta a malambe, a mpendadzuwa, shea butter, madzi owiritsa ndi emulsifying wax (phula lophatikiza mafuta ndi madzi), n'kumagulitsa kwa anzanga a banki m'khonde ndi akutchalitchi. Amene anandiphunzitsa anati ndisamathiremo mankhwala a kufakitale, chifukwa mafuta onunkhira a zomera, aja amati essential oil, amapha okha tizilombo komanso ali ndi ma antioxidant. Ndiye m'malita 5 ndimadontheza madontho 30 a tea tree ndi 30 a lemongrass.

Nthawi yozizira zinkayenda bwinobwino. Koma chiyambire kutentha kwa Okutobala, pa mabotolo 40 omwe ndinapanga, 14 achita timawanga takuda pamwamba pasanathe masabata atatu, ndipo ena akununkha ngati nsinjiro zokhalitsa. Kasitomala wina wandibwezera botolo pamaso pa anthu. Manyazi ake inu!

Nkhani ina: mwana wanga wa zaka 6 ali ndi chipere m'mutu. Ndakhala ndikumupaka tea tree yemweyo, wosasakaniza ndi chilichonse, kwa masabata awiri. Chipere chili chomwecho, koma khungu la m'mbali mwake latupa, likusupuka, ndipo akuti likuwotcha. Kodi anandigulitsa mafuta achinyengo, kapena ndiwonjezere madontho?

Namwino Wopuma: Mwanangu, za mabotolo zidikire, tiyambe ndi mwanayo. Lekani kumupaka lero lomwe, mumusambitse m'mutu ndi madzi ndi sopo wamba. Kutupako si chizindikiro choti mankhwala akugwira, ndi khungu lapsa. Chipere cha m'mutu fangasi wake amalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu, komwe chopaka sichifika. Ngakhale clotrimazole wa ku famase payekha sachithetsa. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo mulingo wake amayeza ndi kulemera kwa mwana. Pitani naye kuchipatala, mutenge ndi kabotoloko akaone. Abale ake awiriwo muwayang'anenso m'mutu, asabwerekane chipeso, chipewa kapena pilo.

Mayi wa Mapasa: Ine wanga ndinamupaka adyo chinatha.

Namwino Wopuma: Adyo wosinja amawotchanso khungu la mwana, mayi. Ndaonapo zilonda zake.

Mphunzitsi wa Chemistry: Asisi, amene anakuphunzitsaniyo sananame zonse, koma anakupatsani theka. Mafutawa amaphadi tizilombo. Tea tree amachokera ku mtengo wa ku Australia wotchedwa Melaleuca alternifolia, osati tiyi wathu wa ku Thyolo, ndipo mphamvu yake yaikulu ili mu terpinen-4-ol. Mu lemongrass muli citral, mu bulugamu muli cineole, mu clove muli eugenol, mu thyme muli thymol. Zinthu zimenezi zimalowerera m'kachikopa kamafuta kamene kamakuta bakiteriya, kachikopako kamayamba kudontha, kachilombo n'kufa. N'chifukwa chake madokotala a mano akhala akugwiritsa ntchito eugenol kuyambira kale, ndipo thymol ndi eucalyptol mukazipeza zitalembedwa pa botolo la Listerine.

Tsono tiwerengere limodzi. Madontho 20 ndi pafupifupi mililita imodzi. Anu 60 ndi mamililita atatu, m'mamililita 5,000. Ndi 0.06 peresenti imeneyo. Mwangonunkhiritsa basi. Mukati muwonjezere mpaka chuku chigonje, mufika pa mulingo woti makasitomala ayamba kuyabwa, pakuti zodzola pathupi nthawi zambiri sizipitirira 1 kapena 2 peresenti, ndipo lemongrass amafuna kuchepera pamenepo. Vuto linanso, mafuta amathawira kwa mafuta anzake, pomwe tizilombo timaswana m'madzi a mu loshoniyo. Mlonda ali kuchipinda, wakuba ali kukhitchini. Palinso mabakiteriya ena ouma mutu monga Pseudomonas aeruginosa, okonda malo a chinyezi, omwe tea tree amawalephera. Amenewo saoneka ndi maso, choncho mabotolo 26 otsalawo musawayese abwino chifukwa choti ndi oyera.

Mwini positi: Aphunzitsi mwandiswa mtima. Nanga ma antioxidant aja ntchito yake n'chiyani?

Mphunzitsi wa Chemistry: Apo ndi pomwe ambiri amasokoneza. Loshoni yanu yadwala matenda awiri. Timawanga takuda ndi zamoyo, zamera chifukwa cha madzi ndi kutentha. Fungo la nsinjiro zokhalitsa si tizilombo ayi, ndi mpweya wa okosijeni womwe waononga mafuta, makamaka a mpendadzuwa omwe sachedwa kutero akakhala pofunda kapena padzuwa. Antioxidant amachedwetsa chachiwirichi chokha, chuku alibe nacho ntchito. Ndipo si mafuta onse onunkhira ali nayo mphamvu imeneyi mofanana. Clove, thyme ndi oregano ndiwo akatundu, koma ndi omwenso amalusa pakhungu. Tea tree ndiye amaonongeka yekha ndi mpweya ndi kuwala, ndipo akakalamba m'pomwe amayabwitsa kwambiri. Opanga zodzola amathira vitamin E pang'ono kapena rosemary extract kuti mafuta asasinthe fungo.

Wa ku Joni: Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ya zodzola kuno ku Johannesburg. Lamulo lathu ndi limodzi: chilichonse chokhala ndi madzi chimalowa preservative, mankhwala oletsa chuku ndi mabakiteriya. Timagwiritsa ntchito phenoxyethanol wosakaniza ndi zina zolimbana ndi fangasi, osapitirira 1 peresenti, ndipo timayeza pa sikelo, osati madontho. Sodium benzoate ndi potassium sorbate, omwe amapezekanso m'zakumwa, amagwira pokhapokha pH (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka) ikhale yotsika, cha m'ma 5 kutsika m'munsi, ndiye pamafunika timapepala toyezera. Ngati simukufuna zonsezi, chotsani madzi. Pangani body butter wa shea ndi mafuta a malambe okhaokha, mugulitse m'timabotolo tating'ono, muziwauza anthu asamapisemo zala zonyowa.

Bambo a Chikondano: Azungu angotitengera nzeru. Agogo ankatentha mpungabwi ndi chanzi kuthamangitsa udzudzu, nthawi ya Covid tonse tinafukiza bulugamu. Lero mukuti zachilengedwe sizigwira?

Mphunzitsi wa Chemistry: Bambo, palibe wanena kuti sizigwira. Fungo la mpungabwi ndi chanzi ndi mafuta omwewa. Koma tsamba ndi kabotolo n'zosiyana kutali. Masamba a lemongrass olemera makilogalamu 100 mukawatcheza ndi nthunzi, mafuta ake sakwana n'lita imodzi yomwe. Agogo sankadontheza munda wonse pamutu pa mwana.

Namwino Wopuma: Poti mwatchula bulugamu: mafuta ake ndi a tea tree ndi poizoni akamwedwa. Kasupuni kamodzi kakhoza kukomola mwana wamng'ono. Timabotolo timeneti tizikhala pamwamba, kotsekedwa.

Mtsikana wa Saluni: Za achinyengozo yesani chonchi: donthezani dontho limodzi pa pepala loyera, mulisiye mpaka mawa. Tea tree weniweni amauluka, sasiya banga la mafuta. Likatsala ngati pepala la mandasi, anasakaniza ndi mafuta ophikira. Komanso weniweni amabwera m'botolo la galasi lakuda.

Wa ku Joni: Ndinaiwala. Pa lebulo musalembe kuti "imachiza ziphuphu" kapena "imapha tizilombo". Mukatero mwalowa m'gawo la mankhwala, komwe kuli a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Bizinesi ikamakula kafunseni ku Malawi Bureau of Standards za kuyezetsa katundu wanu.

Mwini positi: Zikomo nonse. Mwana tapita naye m'mawa uno, amupatsa mankhwala akumwa ndipo ati ndibwerenso ndi mng'ono wake, ali ndi kabanga kuseri kwa khutu komwe sindinakaone. Pepala lija ndadontheza, tiona mawa. Mabotolo onse 40 ndataya, mtima ukuwawa koma basi. Achimwene a ku Joni, vitamin E yo mumathira yochuluka bwanji pa kilogalamu ya body butter, ndipo mumathira mafuta akadali otentha kapena atazizira?