Mphaka wa ku LSPCA kapena waulere wa aneba?

Nabanda wa ku 25:

Abale, ndithandizeni maganizo. Makoswe atikwana kuno ku Area 25. Aboola matumba a chimanga amene tinabwera nawo kuchokera kumudzi, adya sopo, ndipo usiku akumathamangitsana kudenga ngati kuli mpira. Mankhwala a makoswe sindikufuna kuthira chifukwa wamng'ono wanga akukwawa, chilichonse akuponya m'kamwa. Ndiye ine ndi bambo akunyumba tagwirizana zopeza mphaka.

Mphaka wa aneba waswa tiana tinayi, tangotsegula maso kumene, ndipo akuti nditenge kamodzi ulere ngakhale mawa. Koma mnzanga wa kuntchito akuti ndipite ku LSPCA, bungwe losamala zinyama lija, kuti amasunga amphaka otayidwa n'kumawapereka kwa anthu. Akuti umaperekako kangachepe komanso amakufunsa za komwe ukukhala. Apa ndiye pandibalalitsa. Kwathu ku Dedza mphaka timangopatsana, ukamupatsa mwini wake dzira kapena mbale ya ufa basi zatha. Ndalamazo n'zachiyani? Chinanso, apongozi anga amva kale nkhaniyi ndipo akuti mphaka wosadziwika kochokera salowa m'nyumba ya mwana wawo. Mukudziwa kale zimene akutanthauza. Amene munatengako kumeneko tiuzeni.

Mlangizi wopuma:

Mayi, tiyambe ndi tiana ta anebato. Kamphaka kamatsegula maso patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti timeneto tikadali ta bere. Musakatenge. Kamayenera kuyamwa mpaka masabata 8. Anthu amatenga kakhanda kotere n'kumakapatsa mkaka wa ng'ombe kapena wa ufa wa mu tiyi, kamayamba kutsegula m'mimba, masiku ochepa kapita, kenako amati nyumba yawo siyanjana ndi amphaka. Mkaka wa ng'ombe mphaka suumuyenera, ngakhale amaukonda.

Ndalama zimene mukufunsazo sikuti mukugula mphaka. Malo otere amakhala atamulowetsa kale m'manja mwa dokotala: katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, komanso kumufula ngati ndi wamphongo kapena kumutseka ngati ndi wamkazi. Mukapita funsani kuti pa zimenezi zachitika ndi ziti, ndipo akupatseni kadi lake la katemera. Mukawerengera kuti zonsezi mukachitire nokha kwa dokotala wa ziweto, muona kuti waulereyo ndiye wodula.

Kutseka kumeneku anthu amakupeputsa. Mphaka wamkazi atha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi la masabata 9, ndipo pa chaka atha kuswa kawiri kapena katatu. Aneba anuwo akukukakamizani kamphaka chifukwa atopa, ndipo miyezi ikubwerayi adzakhala akusakanso wina womupatsa. Ena mwa amphaka amene ali ku LSPCA anachokera m'nyumba zotere, ena anatoledwa mu katoni pamtaya. Wamphongo wosafula naye amakodzera makoma fungo losatha, amasowa masiku, amabwera makutu atang'ambika.

Koma chachikulu kwa inu amene muli ndi mwana wokwawa ndi chiwewe. Timachidziwa ngati matenda a agalu, komabe mphaka nayenso amachitenga ndipo amapatsira akaluma kapena kukanda. Katemera wake amayamba pa miyezi 3. Zizindikiro zikangoonekera pa munthu palibenso mankhwala. Mwana akalumidwa ndi chinyama chimene simukuchidziwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo poti vuto lanu ndi makoswe, pemphani mphaka wamkulu. Kamwana kadzayamba kusaka chimanga chanu chitatha kale.

Mfana wa pa Ndix:

Kkkk koma dziko lapita. Anthu tikuvutika kupeza ya bonya, ena akukalemba mafomu kuti apatsidwe pusi! Mayi, tengani wa anebayo akakula, muzimupatsa mkute wa nsima, osamukhutitsa, njala ndi imene imamutuma kukagwira khoswe. Za katemera zokhazo ndiye ndikuvomereza. Kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe ulere kuyambira 2015, ndipo ine ndinaonapo anthu akubwera ndi amphaka m'matumba a saka pa tsiku la katemera. Koma zolipira ayi ndithu.

Mlangizi wopuma:

Achimwene a ku Ndirande, pa njalapo ndakana. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, ndi chibadwa chake. Wanjala amayamba kuvundukula mapoto, kugwira anapiye a eni ake, mapeto ake amasamukira kumene kukununkhira nsomba kapena amathiridwa temeki. Nsima yokha siimukwanira chifukwa thupi lake limafuna nyama. Sikuti mpaka zakudya za m'zitini za ku Gateway Mall ayi. Usipa kapena bonya wonyika m'madzi kuti mchere uchoke, mitu ya nkhuku yophika, dzira lowiritsa, kansima pang'ono posakaniza. Msuzi wa anyezi musamupatse, anyezi amawononga magazi a mphaka. Ndipo akadwala musayerekeze kumumwetsa Panado, piritsi limodzi limapha. Dibi wa agalu nayenso musamusambitse.

Anaphiri ku Leicester:

Asisi, ine wanga ndinamutenga kuno ku malo osungira amphaka osowa eni. Mafunso amene mukuopawo kuno ndiye amachita kunyanya: ankafuna kalata ya eni nyumba yovomereza, zithunzi za zipinda, kudziwa ngati tili pafupi ndi msewu waukulu. Kuyambira mwezi wa June 2024 lamulo la ku England likuti mphaka aliyense aikidwe kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu kosonyeza mwini wake asanakwane masabata 20, apo ayi ulipira chindapusa. Cholinga cha mafunsowo n'chakuti mphakayo asabwererenso kumene wachoka. Inunso ngati muli pa lendi yambani mwawauza alandilodi.

Chimene ndinakondwera nacho n'chakuti osamalawo amadziwa khalidwe la mphaka aliyense. Ndinawauza kuti ndimagwira ntchito usiku ndipo zidzukulu zimabwera Loweruka, iwo n'kundilozera wamkazi wazaka zinayi, wakuda bii, amene anthu ankangomudutsa. Akuda amachedwa kupeza nyumba ngakhale kuno kwa azungu. Inu mukanene kuti muli ndi mwana wokwawa, akupatseni wofatsa amene sakanda akakokedwa mchira.

Mukafika naye, musamumasule pabwalo. Mutsekereni chipinda chimodzi, muike madzi, chakudya, ndi beseni lakale la mchenga pakona ina kutali ndi chakudyacho. Wanga anabisala kuseri kwa firiji, ndinkangoona mbale yapululuka m'mawa ndi timapazi pa mchenga. Musamukoke, adzatuluka yekha. Asatuluke panja mpaka patapita masabata atatu kapena anayi, ndipo tsiku loyambalo mutulutseni asanadye kuti abwerere mukagogoda mbale. Mchengawo muzichotsa zoipa tsiku lililonse, mwana asafikeko, ndipo ngati muli oyembekezera ntchito imeneyo ndi ya abambo.

Za apongozi, mayi anga atabwera kudzacheza anakana kugona chipinda chimodzi ndi Bii, mphaka wangayo. Pofika sabata yobwerera anali akumusiyira khungu la nkhuku pansi pa tebulo, koma mpaka lero akaimba foni amati “chinyama chako chija”.

Nabanda wa ku 25:

Zikomo nonse, ngakhale inu a Ndix mwandiseketsa. Ndaimbira alandilodi, avomera bola asamalowe m'nyumba yaikulu. Loweruka ndipita ku LSPCA ndikaone wamkulu wotseka kale, ndipo ndiwatenga apongozi akasankhe okha, mwina akaona kadi la katemera mtima ukhala pansi. Aneba ndawauza kuti tianato tisiyidwe kaye tiyamwe. A Mlangizi, funso lomaliza: pa minibasi ndimunyamula bwanji? Ndilibe kabokosi konyamulira amphaka.

Mlangizi wopuma:

Katoni yolimba, muboole timabowo ta mpweya m'mbali, pansi muyale chitenje chakale, pamwamba mumange ndi chingwe kapena linya. Muiike pamiyendo panu, kondakitala asaiponye kubuti. Alire bwanji, musatsegule mpaka mutalowa m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo.