Pakamwa pandipindikira mbali imodzi, mafizo ake ndi otani?

Membala wosatchula dzina: Muli bwanji abale nonse pagulu pano. Ndine mphunzitsi wa sitandade 2. Sabata zitatu zapitazo ndinadzuka mbali ya kumanja ya nkhope itafa, pakamwa patakokekera kumanzere, diso la kumanja losatsinzina. Mkono ndi mwendo zili bwinobwino. Kuchipatala anati si sitiroko koma Bell's palsy, mtsempha wa kunkhope unatupa. Anandipatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, ndamaliza. Koma tiyi akutayikabe pakona pa mlomo, nsima ikutsalira m'tsaya, ndipo mawu ngati "bambo" ndi "phala" akukana kutuluka bwino moti ana m'kalasi akungoseka. Apongozi akuti ndizitafuna chingamu tsiku lonse, mnzanga akuti ndikaikidwe makina a magetsi ku pulaiveti. Amene munadutsamo, mafizo enieni ndi ati? Za kwa asing'anga ndamva kale zambiri, chonde musandionjezere.

Yankho 1: Pepani mayi. Chingamu ndi kufufumitsa baluni basi, azakhali anga anachira choncho.

Yankho 2: Amayi, ine ndimagwira ntchito ya mafizo. Chingamucho chisiyeni. Minofu yotafunira ili ndi mtsempha wakewake, si umene wadwalawu. Azakhali a anzathuwo akanachirabe, chifukwa pa anthu 10 aliwonse, pafupifupi 7 amachiriratu ngakhale osalandira chithandizo, ambiri mkati mwa miyezi 3 mpaka 6.

Chimene ndimaopa ine ndi kukakamiza nkhope. Mtsempha ukamaphuka, timizu take tina timasochera, ndiye mumapeza munthu akamwetulira diso likutsinzina lokha, kapena akamadya misozi ikutuluka. Kulimbana nayo mwamphamvu kungakulitse vutoli. Khalani pa galasi mphindi zochepa, kangapo pa tsiku. Kwezani nsidze pang'onopang'ono, mwetulirani osaonetsa mano, songolani milomo ngati mukuti "u". Mbali yakufayo ithandizeni ndi chala, ndipo yabwinoyo isamakoke mopitirira, zonse ziziyendera limodzi. Mukaona diso likutsatira mlomo, lekani, pumulani. Musanayambe thowani tsaya ndi kansalu kofunda, osati kotentha, kenako sisitani ndi nsonga za zala kuchokera pachibwano kukwera cha kukhutu.

Za makina a magetsi, umboni woti amathandiza pa matendawa ndi wochepa, ndipo ambiri a ife sitiwakonda. Ndalamayo isungeni ya thiransipoti. Ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu Central kuli madipatimenti a mafizo, ku Blantyre kulinso chipatala cha mafizo cha Kachere. Mupite ndi buku lanu la kuchipatala akakuoneni maso ndi maso.

Yankho 3: Inetu diso ndi limene linandizunza kuposa pakamwa. Losaphethira limauma, likhoza kuchita bala. Masana muzidonthezera mankhwala onyowetsa m'maso, panja magalasi, makamaka ndi fumbi la choko lanulo. Usiku pakani mankhwala a mafuta a m'maso, tsekani chikope ndi chala, matani ndi kapulasitala kofewa. Likafiira kapena kupweteka, musadikire tsiku la mafizo.

Yankho 4: Mwayezetsa shuga? Anthu a shuga ndi amayi oyembekezera matendawa amawagwira kawirikawiri. Komanso onani m'khutu, mukakhala timatuza ndiye kuti ndi mashingozi, mankhwala ake ndi ena.

Yankho 5: Kwa ena owerenga, musangoti "nanenso ndi zomwezi" n'kukhala pakhomo. Pakamwa pakapindika koma chipumi chikuchitabe makwinya mbali zonse, kapena mkono walefuka, kapena lilime likulemera, thamangani, ikhoza kukhala sitiroko. Ngakhale itakhala Bell's yomweyo, prednisolone amagwira bwino akayambidwa maola 72 asanathe.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Shuga anayeza, ali bwino, m'khutu mulibe kanthu. A mafizo, nsidze yayamba kugwedezeka pang'ono dzulo koma mlomo uli zii. Zimayamba choncho? Nanga kuntchito ndipitirize kapena kuyankhula tsiku lonse kukuwononga?