Mkaka wa soya ndi soya pieces, ndigule ziti? Ndithandizeni chonde

Wobisa dzina: Moni nonse pagulu. A admin bisani dzina, achibale a bambo akunyumba ali pompano. Kuchipatala andiuza kuti ndisinthe kadyedwe, ndichepetse nyama yofiira ndi zonona. Ndiye ndaganiza zoyamba mkaka wa soya ndi soya pieces koma mutu wandizungulira. Mu shopu muli wa m'katoni, muli waufa, ena akuti ndizipanga ndekha. Wa ng'ombe umanditsegula m'mimba kuyambira kale. Panyumba pano ndife ambiri, alamu anga adabwera kuti angokhala mwezi umodzi koma mpaka lero ali pompano, ndipo akaona soya pambale amafunsa ngati nyama idatha mtauni muno. Apongozi akuti ndikufuna kuwondetsa mwana wawo. Alandilodi nawo akweza lendi. Usiku sindikugona. Ndiyambire pati?

Mdala wa ku Ndirande: Mayi, SOYA NDI CHAKUDYA CHA NKHUKU. Makolo athu adakula ndi mgaiwa, bonongwe ndi nkhuku yachikuda. Mukawapatsa bambowo mphamvu za m'nyumba zithawa, musadzati sindidanene.

Mayi a mapasa: Achimwene, inu simudamwe Likuni Phala? Muja muli chimanga ndi soya. Ana onse adakula nalo aja lero ali ndi mabanja awo.

Mdala wa ku Ndirande: Phala ndi la ana. Ine ndikunena za munthu wamkulu wandevu zake.

Namwino wopuma: Mwana wanga, simudanene chofunika kwambiri. Akupezani ndi chiyani, nanga mukumwa mankhwala anji? Ngati ndi shuga, mkaka wothira kale shuga ayi. Ngati ndi BP, samalani ndi soya pieces zokometsera kale zija, mchere umachuluka. Ngati ndi impso, musayambe musanafunse adokotala, chifukwa soya ali ndi potaziyamu ndi fosiforasi wambiri. Ngati mumamwa levothyroxine wa chithokomiro, pakati pa mankhwalawo ndi soya pazipita maola 4, apo ayi mankhwalawo salowa bwino m'thupi.

Mlimi wa ku Mchinji: Bwerani mudzagule kwa ife alimi. Ine ndimalima soya wa mtundu wa Tikolore. Chaka chonse thukuta, mavenda n'kubwera ndi sikelo zawo zobera kudzatenga pamtengo wolira. Kenako soya yemweyo mukamugule m'katoni mtengo wa mbuzi. Zimandiwawa kwambiri.

Achemwali a ku Joni: Ine kuno ku Johannesburg ndimamwa wa m'katoni. Werengani kumbuyo. Wabwino amakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 3 pa 100ml, osasiyana kwambiri ndi wa ng'ombe. Fufuzani wolembedwa unsweetened (wosathira shuga) komanso woti awonjezeramo kashiamu ndi vitamini B12. Muzikhutchumula musanathire, kashiamu amakhala pansi. Waufa uja onani choyamba pamndandanda, wina shuga ndi amene amatsogola.

Mdala wa ku Ndirande: Mwaona? Mkaka woti mpaka aikemo mankhwala kuti ufanane ndi wa ng'ombe. Ndiye bwanji osangomwa wa ng'ombewo?

Mayi a mapasa: Anena kuti umawatsegula m'mimba, mumawerenga koma?

Wophika mandasi: Alamuwo azigula okha nyama, mavuto atha. Anga adakhala mpaka ndidachita kubisa ndiwo kuchipinda.

Mayi wa ku Area 25: Ine ndidavutika nawo wopanga ndekhawu. Mnzanga adangondiuza kuti sinja, sefa, imwa. Nyumba yonse mimba zidatupa, fungo ngati nyemba zosapsa. Soya wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, zimatha ndi moto. Panopa ndimanyika usiku wonse, kutikita kuti makoko achoke, kusinja, kapu imodzi ya soya makapu 7 kapena 8 a madzi, kusefa pansalu yoyera, kenako kuwiritsa mphindi 20 ndikutakasa. Mphika ukhale waukulu chifukwa thovu limasefukira. Zotsala pansalu musataye, thirani m'phala kapena m'chigumu. Wopanga pakhomoyu sachedwa kusasa ngati mulibe filiji, ndiponso kashiamu ndi wochepa, ndiye usipa ndi masamba zisasowe.

Mdala wa ku Ndirande: Makala onsewo! Ndalama ya makala mukadagula mazira.

Mphunzitsi wa sayansi: Bambo, zakuti soya amatha mphamvu za amuna mwazitenga kuti? Mu soya muli ma isoflavone, inde, tinthu ta m'zomera tofanana pang'ono ndi mahomoni a akazi, koma si mahomoni a munthu. Ku China ndi ku Japan akhala akudya soya zaka mazanamazana.

Mdala wa ku Ndirande: Amenewo matupi awo ndi ena. Ine m'nyumba mwanga soya salowa, BASI.

Namwino wopuma: Tisiye mkangano, munthuyu akudwala. Soya ali m'gulu la nyemba pa magulu 6 a zakudya aja, sikuti alowe m'malo mwa zonse. Ndipo ngati pakhomopo pali khanda losakwana chaka, mkaka umenewu si wake.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Achemwali a mandasi mwandifika pamtima, dzulo lomweli alamu amaliza nsomba ya ana. Mawa ndikagula wa m'katoniwo, ngakhale mtengo wake ukundiopsa.

Namwino wopuma: Musanagule, ndiyankheni kaye. Pakabuku kanu kakuchipatala alembapo matenda anji?