Mbumba ya Nangozo: za kutuluka kwa Amayi m'chipatala

Lachiwiri, 20 July 2021

[06:42] Mzime: Mwadzuka bwanji nonse. Amayi awachotsa ku wodi ya Covid dzulo madzulo, tsopano ali ku wodi wamba ndipo andilola kukhala gadiyani. Akupuma okha popanda okosijeni, kamakina ka pachala koyeza mpweya m'magazi kakuwerenga 94. Adokotala akuti zikapitirira chonchi atuluka Lachisanu. Tikambirane kuti akafikira kuti.

[06:44] Amayi aang'ono: Ambuye alemekezeke! Nanga achemwali akuzindikira anthu?

[06:51] Mzime: Masana akundidziwa bwinobwino, afunsanso za mbuzi zawo. Usiku ndiye nkhani ina. Cha m'ma 11 amafuna kuzula diripi, akuti nkhuku zalowa pansi pa bedi ndizitulutse, kenako anayamba kundiitana dzina la malemu agogo. Dzanja lamanzere silikugwira kapu, mwendo akuchita kukoka, pakamwa papotokera mbali imodzi.

[06:53] Amayi aang'ono: Mwaona? Chibayo ndi matenda a m'chifuwa, chikukhudzana bwanji ndi mutu? Ine ndinanena kale za mkangano wa dimba lija. Abwere kuno ku Ntcheu tiwaone bwino.

[07:05] Malume: Mlongo, za dimba zisiye kaye. Tili ndi mwana amene ntchito yake ndi yomweyi. Iwe wa ku Leeds, tiuze.

[07:31] Achemwali (Leeds): Pepani malume, ndimatuluka naiti. Ndalankhula ndi adokotala awo pa foni ya mng'ono wangayu. Pali zinthu ziwiri ndipo tisaziphatikize.

Choyamba ndi kubwebweta kwa usikuko. Si misala. Munthu wachikulire akakhala masiku ambiri mpweya uli wochepa m'magazi, thupi likutentha, tulo osagona, womuyandikira aliyense atabisa nkhope, ubongo umasokonezeka. Kuwonjezera apo analandira dexamethasone masiku 10. Mankhwalawa anapezeka kuno ku Britain mu June chaka chatha kuti amapulumutsa odwala Covid amene ali pa okosijeni, koma amakweza shuga ndipo ena amawasowetsa tulo. Amayi shuga anali nayo kale. Chizindikiro chake ndi chomwe wanena mng'ono wangayu: masana bwino, kukada zayamba. Kwa ambiri zimatha pang'onopang'ono, ena masiku, ena masabata.

[07:38] Achemwali (Leeds): Chachiwiri ndi dzanja ndi mwendo. Imeneyo ndi sitiroko. Covid imachititsa magazi kuundana msanga, n'chifukwa chake ankawabaya jakisoni wa pamimba uja. Sikani yaonetsa kuti kamtsempha kena mbali ya kumanja kwa ubongo kanatsekeka, sikanaphulike. Kumanja kwa ubongo kumayendetsa kumanzere kwa thupi. Mayi aang'ono, izi si za ku dimba. Ku Wuhan komwe matendawa anayambira, madokotala anatsata odwala 214 ndipo oposa mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la ubongo kapena mitsempha: mutu, chizungulire, kusamva fungo, kusokonezeka, ena sitiroko. Sitiroko yokha imagwira mmodzi kapena awiri pa odwala 100 ogonekedwa, makamaka a BP ndi shuga.

[07:40] Amayi aang'ono: Za fungo n'zoona. Asanagonekedwe anapsereza ndiwo ali pompo osamva kanthu. Koma pemphero musandiletse.

[07:41] Achemwali (Leeds): Pemphero ayi, sitikuletsani. Chimene ndikupempha n'chakuti pasakhale womwetsa Amayi mankhwala a zitsamba mobisa. Akumwa aspirin, ndiye zosakaniza sizifunika.

[08:02] Achimwene (Joni): Ndawerenga zonse. Funso langa ndi limodzi, adzayendanso?

[08:09] Achemwali (Leeds): Achimwene, palibe angalonjeze. Koma mwendo akuusuntha, ndipo miyezi itatu yoyambirira ndi imene thupi limabwerera kwambiri ngati munthu akuchita mafizo. Tikawapititsa kumudzi Lachisanu adzagona pamphasa, aliyense akuwachitira chilichonse mwachisoni, dzanja n'kuumiratu. Maganizo anga akhale m'tauni mpaka September.

[08:11] Mzime: Kwanga ku Ndirande mukukudziwa. Chipinda chimodzi, masitepe, chimbudzi kuseri kwa nyumba ya alandilodi.

[08:20] Alamu (Machinjiri): Abwere kuno. Chimbudzi chili m'nyumba, ana ndiwasamutsira pabalaza. Koma ndinene poyera kuti mawa musadzandinene: ine ndimachoka 6 koloko kupita ku geni, kubwera madzulo. Masana pakufunika munthu, ndipo usiku sindingathe ndekha.

[08:22] Achimwene (Joni): Mayi a ana anena zoona, pasakhale kuwasiyira okha.

[08:35] Malume: Zikomo apongozi, mwatichotsa manyazi. Mlongo, iwe wakolola kale. M'malo moti wodwala akutsate ku Ntcheu, iweyo ubwere ku Blantyre.

[08:37] Amayi aang'ono: Nanga nkhuku ndi mbuzi za achemwali?

[08:38] Malume: Zibwere m'khola mwanga. Zikaswa ndidzawerengera.

[08:39] Mzime: 😂 Malume, Amayi anaziwerenga kale, ngakhale ali pa okosijeni.

[08:52] Amayi aang'ono: Chabwino, ndikwera Lachinayi. Munditumizire thiransipoti. Undiuze zochita iwe mwana, ine za unesi sindidziwa.

[09:14] Achemwali (Leeds): Chachikulu ndi kadyedwe. Sitiroko imafooketsa pakhosi, ndiye chakudya chikalowera njira ya mpweya chibayo chimabwereranso, mapapo ake omwe angochira kumenewa. Azidya atakhala tsonga, supuni yaing'ono, phala lolimbirako osati lamadzimadzi, ndipo asagone mpaka patapita theka la ola. Akamatsokomola pomwa madzi kapena mawu akamveka ngati muli madzi pakhosi, siyani, muuze anesi. Powadzutsa musawakoke dzanja lamanzere, phewa limaguluka. Gwirani m'chiuno ndi kumsana. Akagona muziwatembenuza pakatha maola awiri alionse kuopa zilonda, dzanjalo lizitsamira pa pilo.

Za usiku: masana makatani atseguke aone dzuwa, avale magalasi awo, muziwauza tsiku ndi komwe ali. Akanena za nkhuku musakangane nawo ndipo musawamange. Ingonenani kuti mwazitulutsa.

[09:16] Alamu (Machinjiri): Nanga a Mvano akabwera kudzazonda? Mukuwadziwa, sabwera awiri.

[09:19] Achemwali (Leeds): Awiriawiri, atavala mamasiki, pakhonde. Matenda akadali ochuluka, komanso chigulu chimawasokoneza mutu. Nyimbo imodzi yokwana.

[09:30] Mzime: Za mafizo ndifunsa adokotala kalata yopita ku Kachere, kuli pafupi ndi Queens. Ndikamva masiku ake ndinena. Vuto ndi galimoto, pa minibasi sangakwere.

[09:47] Achimwene (Joni): Apa ndiye pandivuta. Zipolowe za sabata yatha zija shopu ya abwana anga anaiphwasula, tili pakhomo osadziwa kuti titsegula liti. Mwezi uno ndikwanitsa R800 pa Mukuru, wamawa ndidzaonjezera.

[09:55] Achemwali (Leeds): Musadandaule achimwene. Ine kubwera sindingathe, Malawi ali pa mndandanda wofiira wa Covid kuno ku Britain, pobwerera ndiyenera kukhala m'hotela masiku 10 ndi kulipira £1,750. Ndalama imeneyo bola igwire ntchito kumeneko. Ndilipira takisi ya ku mafizo, matiresi, makina a BP, oyezera shuga ndi kamakina ka pachala. Zakudya ndi matewera tigawane.

[10:03] Malume: Ine thumba la chimanga, nyemba ndi K20,000, mlongo abwera nazo. Ndalama zonse zipite kwa munthu mmodzi, apongozi, ndipo alembe m'kope. Za pamaliro a bambo anu zija sindifuna zibwerezeke.

[10:05] Alamu (Machinjiri): Ndilemba, Loweruka lililonse ndizijambula kope n'kuponya pano. Nambala ya Airtel Money ndi yomweyi.

[10:18] Achemwali (Leeds): Chomaliza, ndipo aliyense wa m'nyumbamo adziwe, ana omwe. Pakamwa pakapotoka kuposa lero, mawu akayamba kusamveka, akakomoka kapena kugwedezeka ngati khunyu, akagona osadzutsika, kapena kamakina kakatsika pansi pa 90, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Musayambe mwafunsa pagulu pano. Ine ndikhoza kukhala ndili pa ntchito foni ili m'loka.

[10:21] Mzime: Zamveka. Usiku tisinthana, ine Lachisanu mpaka Lamulungu, mayi aang'ono masiku enawo. Ndani ali ndi nambala ya wa takisi wodalirika ku Machinjiri, woti akhoza kudzuka 2 koloko usiku?

[10:24] Alamu (Machinjiri): Alipo wa kutchalitchi kwathu, ndimuimbira masana ano. Lachisanu afike kuchipatala nthawi yanji?

[10:26] Mzime: Adokotala amazungulira m'mawa, kenako mzere wa ku famase. Muwauze 2 koloko masana. Alamu, mubwere ndi chitenje china ndi nsapato zomanga, ma silipasi akuvuka mwendo wamanzerewo.